Kodi Wothamanga Mtunda Wautali Ayenera Kudya Motani?

M'mwezi wa Disembala chaka cha 1958, mnyamata wina wa ku Choma, Yotham Muleya, anathamanga wopanda nsapato pa mpikisano wa mamailosi atatu mumzinda wa Salisbury, umene lero ukutchedwa Harare, ndipo anasiya kumbuyo Gordon Pirie, katswiri wa ku Britain amene panthawiyo anali wodziwika dziko lonse. Chichitikire zimenezo, anthu a dziko lino amadziwa kuti mwana wa kumudzi, wokulira nsima ndi ndiwo za kudimba, angathe kupambana pa liwiro. Lero lino pakati pa ophunzira athu ndi amene anatsiriza kale maphunziro pali ena okonda kuthamanga, ndipo ambiri muli ndi ana amene amapikisana m'masukulu.

Pakati pa achinyamata otere pamayenda maganizo akuti wothamanga wabwino ndi wowonda, choncho wofuna kupambana azichepetsa kudya. Maganizo amenewa ali ndi kachoonadi pang'ono, pakuti thupi lopepuka silivuta kulinyamula, koma awononga achinyamata ambiri aluso. Mlimi wa ng'ombe savutika kumvetsa chifukwa chake. Ng'ombe zolimira zimatuluka m'chilimwe zitaonda, udzu utatha, ndipo mvula ikagwa timazimanga pajoko nthawi yomwe zilibe mphamvu. Zimapuma pakati pa mzere, zimagwidwa matenda msanga, ndipo zazikazi zimachedwa kutenga bere. Amene anasunga mapesi ndi masangwi a nshawa n'kumazipatsa gaga amalima munda wake pa nthawi yake. Thupi la wothamanga limatsata lamulo lomwelo.

Kumene mphamvu ya chakudya imapita

Mphamvu ya m'chakudya imayezedwa m'makalori, ndipo pa mapaketi a zakudya amailemba ndi zilembo zakuti kcal. Galamu imodzi ya chakudya chopatsa mphamvu, monga sitachi wa m'chimanga kapena shuga, imapereka makalori 4. Galamu ya puloteni imaperekanso 4, pamene galamu ya mafuta imapereka 9. Magalamu 100 a ufa wa chimanga wosaphika ali ndi makalori pafupifupi 360.

Gawo lalikulu la mphamvu imeneyi limatha munthu asanagwire n'khasu lomwe. Mtima kugunda, mapapo kupuma, impso kusefa magazi, chiwindi kugwira ntchito zake ndi thupi kukhala lofunda, zonsezi zimadya mphamvu usana ndi usiku. Ubongo wokha umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu imene thupi limawononga likamapuma. Mnyamata wolemera makilogalamu 55, ngakhale ataswera chigonere pamphasa, amafunika makalori oyandikira 1,400.

Pamwamba pa zimenezi pamabwera ntchito. Pa kuthamanga pali kawerengedwe kosavuta: kilomita iliyonse imadya pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Mnyamata wa makilogalamu 55 uja akathamanga makilomita 15 m'mawa, wawononga makalori pafupifupi 825, omwe ndi ofanana ndi ufa wokwana magalamu 230. Akathamanga mwaliwiro kapena pang'onopang'ono, kusiyana kwake pa kilomita n'kochepa. Chimene chimawerengedwa kwenikweni ndi kutalika kwa mtunda. Tsono ngati mnyamata yemweyo akabwerako n'kupita kukapalira, kukatunga madzi othirira dimba kapena kupalasa njinga ndi matumba a manyowa, zosowa zake za tsikulo zimadutsa makalori 3,000. Apa ndiye pali kusiyana pakati pa wothamanga wa kumudzi ndi katswiri wokhala ku kampu. Katswiri akamaliza kuthamanga amakagona, koma mlimi munda umamudikira.

Nkhokwe ziwiri za m'thupi

Thupi limasunga mphamvu m'malo awiri. Oyamba ali ngati lichero la ufa limene lili pafupi ndi mafuwa: ndi laling'ono, koma mayi amangotapa pomwepo. Ameneyu ndi shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, wotchedwa glycogen. Munthu wamkulu wodya bwino amasunga magalamu 400 mpaka 500 okha, omwe ndi makalori osaposa pafupifupi 2,000. Malo achiwiri ali ngati nkhokwe ya chimanga chosatonola: muli chambiri, koma kuti chifike pambale chiyenera kutonoledwa, kukonoledwa ndi kugayidwa. Amenewa ndi mafuta a m'thupi. Ngakhale wothamanga wowonda, wokhala ndi mafuta makilogalamu 5 okha, wasunga makalori opitirira 35,000.

Munthu akamayenda kapena kuthamanga modekha, thupi limakhala ndi mpata wotenga mphamvu yambiri m'mafuta. Liwiro likakwera, limadalira kwambiri glycogen, chifukwa ndiye amatulutsa mphamvu mwachangu. Mpikisano wa marathon ndi wa makilomita 42.195, ndipo kwa munthu wa makilogalamu 55 umafuna makalori oposa 2,300. N'chifukwa chake othamanga ambiri amathedwa mphamvu mwadzidzidzi akadutsa makilomita 30: lichero latha, miyendo imalemera, mutu umazungulira, ndipo sangachitire mwina koma kuchepetsa liwiro. Akatswiri monga Eliud Kipchoge wa ku Kenya, amene pa 12 Okutobala 2019 anathamanga mtunda umenewu mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna, amamwa zakumwa za shuga ali pa liwiro pofuna kupewa zomwezi.

Pali chinthu china chokhudza glycogen chimene chimasokoneza anthu okonda sikelo. Galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi atatu a madzi. Wothamanga akasiya nsima kwa masiku awiri kapena atatu, sikelo imatsika ndi kilogalamu imodzi kapena kuposerapo, ndipo iye amasangalala poganiza kuti mafuta asungunuka. Chimene chachoka ndi glycogen ndi madzi ake, ndiye kuti mphamvu yeniyeni yothamangira.

Chifukwa chake njala imanamiza

Ambiri amaganiza kuti thupi likasowa chakudya lidzanena lokha kudzera m'njala. Kwa munthu wogwira ntchito wamba zimenezi zimayenda bwino ndithu, koma kwa wothamanga njala si mboni yodalirika.

Chilakolako cha chakudya chimalamulidwa ndi mahomoni amene amatumiza uthenga ku ubongo. Imodzi mwa iwo ndi ghrelin, imene asayansi a ku Japan anaitulukira mu 1999. Imapangidwa m'chifu, ndipo ikachuluka munthu amamva njala. Ina ndi leptin, imene gulu la Jeffrey Friedman linaitulukira ku New York mu 1994. Iyo imachokera m'mafuta a m'thupi, ndipo imadziwitsa ubongo kuchuluka kwa mphamvu imene yasungidwa. Munthu akathamanga mwamphamvu, ghrelin imatsika kwa kanthawi, mahomoni a m'matumbo oletsa njala amakwera, magazi amachoka kumimba n'kupita ku minofu, ndipo thupi limatentha. Zotsatira zake n'zakuti wothamanga amafika pakhomo atawononga makalori 800 koma phala sakulifuna n'komwe. M'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala vutoli limakula, pakuti kutentha pakokha kumachotsa chilakolako cha chakudya.

Njala imeneyi sikuti yatheratu. Kwa ena imabwerera madzulo mwaukali, ndipo amadya zitumbuwa, mabanzi ndi zakumwa zotsekemera mosadziletsa, kenako n'kudziimba mlandu ndi kusala m'mawa mwake. Kwa ena siibwerera mokwanira, ndipo tsiku lililonse amagona ndi ngongole ya makalori mazana angapo osadziwa. Nsima ndi ndiwo zamasamba zimadzaza mimba msanga, choncho munthu amatha kukhuta asanabweze zimene wawononga. Pachifukwa ichi, wothamanga pa masiku a ntchito yaikulu ayenera kudya motsata nthawi, osati kudikira kuti mimba ilire. Ola loyamba kapena awiri atangomaliza kuthamanga ndiyo nthawi imene minofu imabwezeretsa glycogen mwachangu. Ngati chakudya cholimba chikukanika kulowa, thobwa, munkoyo, mkaka, phala lamadzimadzi kapena nthochi zimalowa mosavuta.

Zimene akatswiri a ku Kenya amadya

Mu 2004 Vincent Onywera, Yannis Pitsiladis ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa othamanga 10 odziwika a mtundu wa Kalenjin, amene ankakonzekera mipikisano ku kampu ina ya kumapiri a kufupi ndi Eldoret. Kwa masiku 7 ofufuzawo ankayeza chilichonse chimene amunawo ankadya ndi kumwa. Anapeza kuti maperesenti pafupifupi 76 a mphamvu yawo ankachokera ku zakudya za sitachi ndi shuga, maperesenti 13 ku mafuta, ndi maperesenti 10 ku puloteni. Chakudya chake chinali chodziwika kwa aliyense wa ife: ugali, yomwe ndi nsima yawo, mpunga, buledi, mbatatesi, nyemba, kabichi, nyama ya ng'ombe pang'ono, ndi tiyi wa mkaka ndi shuga amene ankamwa kangapo patsiku.

Pali zinthu ziwiri zimene tingatolepo. Choyamba n'chakuti chakudya cha akatswiri a dziko lonse chimatuluka m'munda ngati wathu womwewu, ndipo mnyamata wosauka asadandaule kuti alibe ndalama zogulira maufa a m'zitini amene amatsatsidwa m'masitolo. Chachiwiri n'chenjezo. Amunawo ankadya makalori pafupifupi 3,000 patsiku koma ankawononga pafupifupi 3,600, ndipo m'sabata imeneyo matupi awo anatsika pang'ono. Ngati akatswiri okhala ndi owaphikira, opanda munda woti akalime, ankaperewera chonchi pa nthawi ya maphunziro olimba, mlimi wothamanga ayenera kusamala koposa.

Thupi likamanidwa chakudya

Zimene zimachitika thupi likaperewedwa kwa nthawi yaitali zinaoneka bwino pa kafukufuku amene Ancel Keys anachita ku Minnesota, m'dziko la America, mu 1944 ndi 1945. Amuna 36 odzipereka anapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa masabata 24 uku akuyenda makilomita 35 pa sabata. Anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, ndipo mphamvu imene matupi awo ankawononga popuma inatsika ndi maperesenti pafupifupi 40. Ankamva kuzizira, ankakwiya msanga, ndipo maganizo awo onse anali pa chakudya. Thupi limachita ngati banja m'chaka cha njala: limayamba kudula zimene likuona kuti zingadikire. Kubereka, kumanga mafupa, kukonza minofu ndi kulimbana ndi matenda ndizo zimayamba kuchepetsedwa.

Mu 2014 bungwe loyendetsa masewera a Olimpiki linapatsa vutoli dzina lakuti RED-S, kutanthauza kuperewera kwa mphamvu m'thupi la wochita masewera, ndipo linanena kuti limagwira akazi ndi amuna omwe. Akatswiri amawerengera motere: pa makalori amene munthu wadya, achotsepo amene wawononga pothamanga, ndipo otsalawo awagawe ndi makilogalamu a thupi lake osawerengera mafuta. Yankho likakhala pafupi ndi 45, zinthu zili bwino. Likatsika pansi pa 30, mahomoni amayamba kusokonezeka m'masiku ochepa, monga momwe Anne Loucks anasonyezera pa kafukufuku wake wa akazi.

Titenge mtsikana wa makilogalamu 50, amene makilogalamu 42 mwa amenewa ndi minofu, mafupa, madzi ndi ziwalo. Amadya makalori 2,000 patsiku, chakudya chimene makolo ake angachione chokwanira, ndipo amathamanga makilomita 16, omwe ndi makalori 800. Otsala ndi 1,200, ndipo tikagawa ndi 42 tikupeza 29 osakwana bwino. Mtsikanayu ali kale pangozi ngakhale amadya katatu patsiku. Kuti afike pa 45 ayenera kudya makalori pafupifupi 2,700.

Chizindikiro choonekeratu kwa atsikana ndi kusiya kusamba. Ena amachiona ngati umboni wakuti akulimbikira, koma ndi chenjezo lalikulu. Msambo ukaima, homoni ya estrogen imakhala itatsika, ndipo mafupa amayamba kufooka pa msinkhu umene amayenera kukhwima, pakuti mafupa ambiri a munthu amamangidwa asanakwanitse zaka 20. Mary Cain wa ku America, amene anali mmodzi wa atsikana aliwiro kwambiri m'dziko lake ali ndi zaka 17, anaulula mu 2019 kuti atakakamizidwa kuonda anasiya kusamba kwa zaka zitatu ndipo anathyoka mafupa asanu. Mtsikana wothamanga amene wadutsa miyezi itatu osasamba, pamene alibe pathupi, apite kuchipatala. Kwa anyamata ndi atsikana omwe, zizindikiro zina ndi kutopa kosatha, kugona movutika, chimfine chobwerezabwereza, ululu wa pamalo amodzi pa fupa la msongolo kapena la phazi, kupsa mtima, ndi liwiro limene likutsika ngakhale munthu akuwonjezera kuthamanga.

Mbale ya wothamanga

Malangizo a akatswiri a zakudya zamasewera ndi akuti munthu wothamanga ola limodzi mpaka maola atatu patsiku adye magalamu 6 mpaka 10 a sitachi ndi shuga pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndi magalamu 1.2 mpaka 2 a puloteni. Kwa mnyamata wa makilogalamu 55, ndiye kuti magalamu 330 mpaka 550 a zopatsa mphamvu ndi magalamu 66 mpaka 110 a zomanga thupi. Popeza magalamu 100 a ufa ali ndi sitachi wokwana magalamu pafupifupi 75, nsima ya masana ndi madzulo, phala la m'mawa, kandolo, chinangwa, mpunga ndi nthochi zingathe kukwaniritsa gawo loyambali. Ufa wa mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa umasunga mtima wa chimanga, mmene muli mafuta ndi mavitamini, ndipo chimanga cha olenji chimene chinatulutsidwa m'dziko muno mu 2012 chimawonjezerapo vitamini A.

Gawo limene limaperewera kawirikawiri ndi la zomanga thupi. Dzira limodzi lili ndi puloteni wokwana magalamu 6, kapu ya mkaka magalamu 8, magalamu 100 a nyemba zouma pafupifupi 22, nshawa 25, soya 36, ndipo kapenta wouma, kupitirira theka la kulemera kwake ndi puloteni. Kapenta ali ndi ubwino wina: timadya ndi minga yomwe, choncho amapereka kashiamu wolimbitsa mafupa. Thupi limagwiritsa bwino ntchito puloteni akagawidwa pa chakudya chilichonse kusiyana n'kumuunjika pa mbale imodzi yamadzulo. Nshawa ndizo bwenzi la wothamanga amene mimba yake imadzaza msanga, pakuti magalamu 100 ali ndi makalori oposa 550. Kutendera chibwabwa kapena kuthira nsinjiro m'phala kumawonjezera mphamvu popanda kukulitsa mbale. Koma nshawa zankhungu ndi zowola zitayidwe, chifukwa zimakhala ndi chuku chowononga chiwindi.

Nkhani ya magazi ndi yofunikanso. Othamanga amataya ayironi kudzera m'thukuta, m'matumbo ndi m'maselo ofiira amene amaphwanyika phazi likamamenya pansi, ndipo atsikana amatayanso pa msambo. Kuno kwathu malungo, likodzo ndi njoka zam'mimba zimawonjezera vutoli. Magazi akachepa, mpweya wopita ku minofu umachepanso, ndipo munthu amabanika pa chitunda chimene kale ankachikwera mosavuta. Chiwindi, nyama, kapenta, nyemba, bondwe ndi kalembula zimathandiza. Tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi, choncho ndi bwino kumwa patadutsa ola limodzi mutadya ndiwo zimenezi, pamene tomato, gwafa, malalanje ndi malambe zimathandiza kuti alowe.

Madzi ndi sikelo

Wothamanga akadziyeza asananyamuke ndiponso atabwerako, kilogalamu iliyonse imene yachoka ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta, osati mafuta. Kutaya madzi opitirira maperesenti awiri a kulemera kwa thupi, komwe kwa munthu wa makilogalamu 55 ndi kilogalamu imodzi ndi pang'ono, kumachepetsa liwiro, makamaka kukatentha. Pobwezera, amwe pang'onopang'ono lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse yotayika, ndipo adye chakudya cha mchere. Mkodzo wachikasu chotuwira umasonyeza kuti madzi akwanira. Kuthamanga mutavala majuzi kapena mapulasitiki kuti mutuluke thukuta lambiri sikuchotsa mafuta, ndipo padzuwa la Okutobala kungaphe munthu. Kumwa madzi ochuluka mopitirira ludzu pa mpikisano wautali kulinso ndi ngozi yake, chifukwa kumasungunula mchere wa m'magazi.

Alipo ena, makamaka achikulire amene anayamba kuthamanga chifukwa cha kunenepa, matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amene kuchepetsa thupi n'kowayeneradi. Iwowa achepetse makalori 300 mpaka 500 patsiku, kuti azitsika osaposa theka la kilogalamu pa sabata. Poyambira pabwino ndi mowa, zakumwa zotsekemera, zokazinga ndi mafuta ochuluka mu ndiwo, osati zomanga thupi kapena chakudya cha atangomaliza kuthamanga. Asadabwe akaona kuti kutsikako kukuchedwa pakapita miyezi, pakuti thupi lopepuka limawononga makalori ochepa pa kilomita, njala imakula, ndipo munthu wotopa amayenda pang'ono masana osazindikira. Wopikisana amene ali ndi chifukwa chomveka chochepetsera thupi achite zimenezi kutali ndi nthawi ya mipikisano. Mwana amene akukulabe asauzidwe kuti aonde ndi mphunzitsi kapena kholo, ndipo asayezedwe pasikelo pamaso pa anzake. Munthu amene akuonda asakufuna, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku kapena akumva ludzu losatha, asanamizire kuthamanga koma akayezetse chifuwa chachikulu, shuga ndi HIV.

Kutsata nyengo ya mlimi

Chaka cha mlimi chili ndi nthawi yake yovuta. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale ntchito ya m'munda imafika pachimake pamene nkhokwe zambiri zapepuka, ndipo anthu akumidzi ambiri amaonda ngakhale sathamanga. Wothamanga wanzeru amachepetsa mtunda m'miyezi imeneyi, n'kusunga liwiro ndi maulendo awiri kapena atatu aafupi pa sabata. Maphunziro olimba awasungire miyezi ya pambuyo pokolola, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene chakudya chilipo ndipo kunja kukuzizira. Banja limene lili ndi mwana wothamanga liwerengere zimenezi pogawa zokolola: thumba la nshawa, nyemba kapena soya lisagulitsidwe lonse, nkhuku zingapo zisiyidwe kuti ziziikira mazira a pakhomo, ndipo mzere wa kandolo ndi dimba la masamba zisasowe. Poyesa ngati zinthu zikuyenda bwino, musayambire pasikelo. Onani ngati mwanayo akugona bwino, akudzuka ndi mphamvu, sakudwaladwala, mtsikana akusamba mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi yake pa mtunda womwewo ikutsika pang'onopang'ono. Zimenezi zikakhalapo, thupi lake lili pa muyezo woyenera, kaya sikelo ikunena zotani.